Kodi mumadziwa? Udokotala wa mano umayambira mu Fomu 3

Kodi mumadziwa kuti kufikira chaka cha 2019 m'Malawi muno munalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano? Aliyense amene anali ndi digiri ya ntchitoyi anakaitenga kunja, ena ku Muhimbili mumzinda wa Dar es Salaam, ena ku Ulaya. Nthawi imeneyo madokotalawa sankakwana 50 m'dziko lonse, pomwe kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Gawani nokha, mupeza dokotala mmodzi pa anthu oposa 350,000. Boma la Zomba, kupatula mzinda, linali ndi anthu pafupifupi 747,000, kotero pa kagawidwe kameneko likanalandira awiri okha. Ndipo kagawidweko n'ka papepala, chifukwa ambiri mwa madokotalawo ankagwira ntchito ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Kodi mumadziwa kuti tsopano maphunzirowa ali pakhomo? Anayamba mu Ogasiti 2019 ku College of Medicine ya ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS mwachidule. Anakhazikitsidwa mogwirizana ndi University of Glasgow kudzera mu ntchito yotchedwa MalDent, ndi thandizo la ndalama lochokera ku boma la Scotland. Gulu loyamba la madokotala khumi ophunzitsidwa kuno kwathu linamaliza mu 2025. Mwana wa kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanji safunikanso pasipoti kuti aphunzire ntchitoyi. Akakwera galimoto pa Kachulu n'kufika mtauni ya Zomba, ulendo wa ku Blantyre watsala wa tsiku lomwelo.

Nanga izi mumazidziwa? Ana ambiri amadzitsekera okha khomo limeneli zaka ziwiri asanagwire fomu yofunsira malo ku yunivesite. Zimachitika sabata zoyambirira za Fomu 3, pamene ophunzira amasankha maphunziro oti adzalembe pa mayeso a MSCE. Tsikulo silioneka lalikulu. Palibe mwambo, palibe kholo limene laitanidwa. Mphunzitsi amalowa ndi pepala, ana n'kumanong'onezana kuti "Fizikisi ndi yolimba, ine ndikudiropa," wina n'kutsatira mnzake wapamtima. Pofika madzulo, mwana amene ankanena kuyambira ku pulayimale kuti adzakhala dokotala wasiya phunziro limene udokotalawo sungatheke popanda ilo, ndipo palibe wamuuza. Izi zimandipweteka mtima kuposa za mwana amene walemba mayeso n'kulakwa, chifukwa wolakwayo anayesako.

Kodi mumadziwa kuti maphunziro ofunikawo ndi asanu? Chingerezi, Masamu, Bayoloje, Kemisitire ndi Fizikisi. Kuti munthu aganiziridwe pa yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo amene akufuna za udokotala, kaya wa thupi lonse kaya wa mano, asanuwa asasowepo ndi limodzi lomwe.

Kodi mumadziwa kuti Physical Science imene makolo ambiri analemba inagawidwa pawiri? Silabasi imene inayamba kulowa m'masekondale mu 2015 inalekanitsa Kemisitire ndi Fizikisi, lililonse kukhala phunziro palokha, ndi mayeso akeake. Bambo amene analemba MSCE m'ma 1990 akamva mwana akuti "sayansi ndikutenga," amaganiza kuti zonse zili m'menemo. Mufunseni bwino mwanayo, bambo: sayansi yake iti? Mwina akunena Bayoloje ndi Agirikacha basi.

Kodi mumadziwa kuti mapointi okoma paokha satsegula khomo? Bungwe la MANEB, limene likulu lake lili konkuno ku Zomba, limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungokhoza, 9 n'kulakwa. Mapointi amene timaimbira nthungululu aja amapezeka powonkhetsa magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa. Tsono mtsikana atha kupeza mapointi 12 ndi Chichewa, Chingerezi, Jogalafe, Histore, Agirikacha ndi Bayoloje, mudzi wonse n'kuvina, koma ku maphunziro a mano dzina lake silingaganiziridwe n'komwe. Mnzake wa mapointi 14 amene ali ndi masayansi onse ndi Masamu ali mumpikisano. Ndipo ndi mpikisano weniweni, pakuti malo ndi ochepa kwambiri. Kirediti imangokulowetsa pamzere, osankhidwa amakhala amene masayansi awo ali kufupi ndi 1 ndi 2.

Tsono wina afunsa kuti, kuzula dzino kukukhudzana bwanji ndi Kemisitire?

Kodi mumadziwa kuti chikuto choyera cha dzino, chimene amachitcha enamelo, ndiye chinthu cholimba koposa m'thupi lonse la munthu, kuposa fupa? Pafupifupi magawo 96 pa 100 aliwonse a enamelo ndi mchere wa kashiamu ndi fosifeti. Koma kulimba konseko kumagonja kwa asidi. Ukali wa asidi amauyeza pa sikelo yotchedwa pH, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akukula mphamvu. Malovu a munthu amakhala cha pa 7. M'kamwa mukatsika kufika cha pa 5.5, enamelo amayamba kusungunuka. Zakumwa zina za m'botolo zimene timagula pagolosale zimakhala pa 3 kapena kutsikirapo.

Kodi mumadziwa kuti shuga sabowola dzino mwa iye yekha? Amene amabowola ndi asidi wopangidwa ndi mabakiteriya okhala pa dzino akadya shugayo. Wodziwika kwambiri ndi Streptococcus mutans, amene anapatsidwa dzinali mu 1924. Mukangomeza switi, m'mphindi zochepa m'kamwa mumadzaza asidi, ndipo malovu amatenga theka la ola kapena ola lathunthu kuti abweze zinthu mwakale. N'chifukwa chake mwana womangonyambita switi ndi mafirizesi pang'onopang'ono tsiku lonse amawononga mano kuposa amene wadya zotsekemera kamodzi pa nthawi ya chakudya. Agogo athu ankati m'dzino mwalowa kachilombo. Sanaphonye kwenikweni, kungoti kachilomboko sikaluma, kamasungunula.

Kodi mumadziwa kuti mano a mawanga achikasu kapena ofiirira amene mumaona mwa anthu a m'madera ena sakhala a uve? Nthawi zambiri ndi fuloraidi wochuluka m'madzi a pamjigo amene munthuyo ankamwa ali mwana, mano ake akupangika. Fuloraidi yemweyo, akakhala wochepa, amalimbitsa enamelo, ndipo ndiye amene amaikidwa m'mankhwala otsukira mano. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Mijigo ina ku Machinga, kwa anansi athu, komanso ku Chikwawa, ku Nsanje ndi ku Nathenje inapezeka itadutsa mulingo umenewo. Chinthu chimodzi, pang'ono chiteteza, chikachuluka chiwononga. Dokotala amene sadziwa kuwerenga mulingo wa mchere m'madzi sangathandize mudzi wotero.

Nanga mumadziwa kuti phunziro loyamba la asidi likhoza kuchitika m'khitchini mwa amayi? Wiritsani chidede chofiira, tsanulirani madzi ake m'makapu awiri. M'kapu ina finyiranimo ndimu, mtundu uwala n'kufiirirabe. M'kapu inayo thiranimo chidulo chimene amayi amacheza kuchokera ku phulusa pophika therere, muona madziwo akusanduka obiriwira. Ndimu ndi asidi, chidulo ndi alikali, mbali inayo ya sikelo ija. Madzi a m'nyanja ya Chilwa nawonso amapendekera ku alikali, chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe amathiramo madzi, dzuwa limawaumitsa, mchere n'kutsala. Mwana wokulira pano wazunguliridwa ndi Kemisitire kuyambira ali kumbuyo.

Kodi mumadziwa kuti kusiyana kwa pH 6.5 ndi 5.5 si pang'ono ayi? Sitepe imodzi pa sikeloyi ikutanthauza asidi wochuluka kakhumi. Amene anathawa malogarithimu m'kalasi la Masamu adzakumana nawo apa.

Masamu ena ndi awa. Mankhwala ochititsa dzanzi amene amabaya pa nkhama asanazule dzino, lidocaine, anapangidwa koyamba ku Sweden mu 1943. Pa kabotolo kake pamalembedwa 2%, kutanthauza mamiligalamu 20 pa mililita iliyonse, choncho kabotolo ka mamililita 1.8 kali ndi mamiligalamu 36. Mulingo umene thupi lingalandire umayendera kulemera kwa munthu. Msodzi wa makilogalamu 70 ndi mwana wa makilogalamu 20 sangabayidwe mofanana, ndipo kuwerengetsa kumeneko dokotala amachita m'mutu, wodwala ali yasaa pampando.

Kodi mumadziwa kuti amene anabweretsa mankhwala ogonetsa pochita opaleshoni anali madokotala a mano? Horace Wells anayesa mpweya wa nitrous oxide mu 1844, atalola kuti amuzule dzino lake lomwe. William Morton anaonetsa poyera mphamvu ya ether ku Boston pa 16 Okutobala 1846.

Kodi mumadziwa kuti dokotala wodziwa ntchito sazula dzino ndi mphamvu za m'mikono? Amalitekesa ndi kachitsulo kogwira ntchito pa malamulo a chotukulira, omwe aja a mu Fizikisi ya ku sekondale, mpaka mpata wa fupa utakula, dzino n'kutuluka. Wodalira kukoka amathyola muzu. Makina obowolera dzino lofuna kumata amazungulira maulendo oposa 300,000 pa mphindi imodzi, ndipo amapopera madzi nthawi yonse, chifukwa mkati mwa dzino mukatentha ndi madigiri ochepa chabe, mtsempha umafa. Chomatira nachonso chiyenera kufufuma ndi kunyala mofanana ndi dzino munthu akamwa tiyi wotentha kenako madzi ozizira, apo ayi m'mbali mumatseguka mpata, chakudya n'kumalowamo.

Kodi mumadziwa kuti kuwiritsa zitsulo m'madzi sikupha tizilombo tonse? Madzi amawira cha pa madigiri 100 ndipo sapitirira, ngakhale musonkhezere nkhuni zingati. Ku chipatala amagwiritsa ntchito otokilevi, chiwiya chotseka kwambiri mmene nthunzi yopanikizika imafika madigiri 121 kwa mphindi 15, kapena 134 kwa mphindi zitatu. Kupanikizika kukakwera, madzi amawirira pamwamba. Lamulo laling'ono la Fizikisi limeneli ndi limene limaletsa matenda a chiwindi ndi HIV kuchoka m'kamwa mwa wodwala wina kupita mwa wina, ndipo n'chifukwa chake ndimanjenjemera ndikamva kuti wina wakazulitsa dzino ndi pulayazi kuseri kwa msika.

Kodi mumadziwa kuti chithunzi choyamba cha ekisire cha mano chinajambulidwa patangopita sabata zochepa Wilhelm Röntgen atatulukira kuwalaku kumapeto kwa 1895? Otto Walkhoff wa ku Germany anajambula mano ake omwe, ndipo anakhala osagwedezeka kwa mphindi 25. Lero sekondi imodzi sikwana n'komwe.

Kodi mumadziwa kuti dzino likhoza kupha? Mafinya a dzino la m'munsi lakumapeto atha kutsikira pansi pa lilime ndi pakhosi, khosi n'kutupa mpaka kutseka njira ya mpweya. Munthu wotupa tsaya amene wayamba kulephera kumeza kapena kuyasamula asadikire kuti kuche, athamangitsidwe ku Zomba Central Hospital. Apa ndi pamene Bayoloje imalowera, ndipo si ya mano okha. Wophunzira wa mano amaphunzira mafupa, mitsempha, mtima, magazi ndi mankhwala, zambiri mofanana ndi anzake a udokotala wa thupi lonse. M'kamwa mumaonekera zizindikiro za HIV, za kuchepa kwa magazi, za khansa. Matenda a shuga amakulitsa matenda a nkhama, ndipo nkhama zodwala zimavutitsa kutsitsa shuga. Nthenda ya noma, imene imadya tsaya la ana operewera zakudya, imayamba ndi kachilonda pa nkhama, ndipo WHO inaiika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu Disembala 2023.

Amayi, ichi n'chanu. Kodi mumadziwa kuti mwana akafika zaka 6 amamera dzino lachikhalire kumbuyo kwenikweni, popanda lina kuguluka? Mano aubwana alipo 20, a munthu wamkulu 32. Dzino limeneli ambiri amaliyesa laubwana, likabooka amati lisiyeni lidzaguluka lokha. Silidzamereranso.

Kodi mumadziwa kuti kumaiko ena nakonso amafuna masayansi? Ku America, kumene sukulu yoyamba ya madokotala a mano inatsegulidwa ku Baltimore mu 1840, munthu amayamba wachita maphunziro a ku koleji okhala ndi Bayoloje, Kemisitire yamitundu iwiri ndi Fizikisi, onse ndi ntchito ya m'labu, kenako n'kulemba mayeso apadera otchedwa DAT. Ku Britain amayang'ana Kemisitire ndi Bayoloje pa A-Level. Kuno kwathu, wosankhidwa ndi MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera, chimene ophunzira amachitcha pirimedi, kubwereza masayansi ndi Masamu mozama, kenako zaka zisanu za digiri, kenako nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa asanalembedwe mokwanira m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Kuwerenga kuyambira tsiku losankha lija mu Fomu 3, digiri ili patsogolo zaka zisanu ndi zitatu.

Achemwali, kodi mumadziwa kuti mkazi woyamba kulandira digiri ya udokotala wa mano, Lucy Hobbs Taylor, anayamba wakanidwa malo chifukwa chokhala mkazi? Anailandira mu 1866 ku Ohio. Amene amakuuzani kuti Fizikisi ndi ya anyamata akubwereza mawu amene anatsutsidwa kalekale.

Kodi mumadziwa kuti pali luso lina limene mayeso a MANEB sayeza, koma ana a kunyanja ali nalo? Ntchito ya mano imachitika pa malo ochepera mamilimita angapo, nthawi zina ukuyang'ana pa kagalasi kamene kamatembenuza zinthu. Ophunzira amatha miyezi akuyeserera pa mitu yapulasitiki asanaloledwe kugwira munthu. Zala zimene zazolowera kusoka ukonde, kuluka mono kapena kutumbula matemba popanda kuwaphwanya zili kale patsogolo. Koma zalazo sizidzafika pa mpando wa dokotala ngati Kemisitire inasiyidwa.

Chingerezi musachipeputse, chifukwa mabuku onse ndi mayeso onse a ku KUHeS ali m'chinenerocho, ndipo popanda kirediti yake zina zonse zimagwa. Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe mudzazifuna tsiku limene gogo wa pa chilumba cha Chisi adzakhale pampando wanu n'kuyamba kufotokoza mmene dzino likumubayira mpaka m'khutu.

Tsono tinene chilungamo. Kodi mumadziwa kuti si mwana aliyense wosiya masayansi amene amasiya mwa kufuna kwake? Mayeso a Bayoloje, Kemisitire ndi Fizikisi ali ndi pepala lachiwiri, la zochita ndi manja m'labu. Masukulu ambiri a CDSS a kumidzi alibe labu, ena alibe mphunzitsi wa Fizikisi, ndiye phunzirolo saliphunzitsa n'komwe. Mwana wa kumeneko akupikisana ndi wa ku St Mary's, ku Box 2 kapena ku Malosa, amene wagwirapo zipangizo kuyambira Fomu 1. Mpikisano wotero si wolingana, ndipo n'kulakwa kuuza mwanayo kuti vuto ndi ulesi wake. Onjezani kuti chuma cha kuno chimayendera nyanja. Chilwa itaphwa mu 1995, komanso itachepa koopsa mu 2012 ndi 2018, mabwato anagona pamatope, ndalama za fizi n'kusowa. Nsomba zikachuluka vuto limatembenuka, anyamata amaona anzawo akubwera kudoko ndi ndalama m'thumba, kalasi n'kuchepa. Phunziro ngati Kemisitire silikhululuka kujomba, mutu wa lero umakhala pamwamba pa wa dzulo.

Komabe pali zotheka. Mwana akangolemba JCE, imene inabwereranso mu 2021, kholo lipite kwa ahedi likafunse ngati Kemisitire ndi Fizikisi zonse zimaphunzitsidwa mpaka Fomu 4, ndi ana angati analemba chaka chatha, ndipo zochita za m'labu anakaphunzirira kuti. Yankho likakhala lokayikitsa, nthawi yopempha transifa kapena kufunafuna malo ku sukulu ya masana ya pa sekondale yokhala ndi labu ndi imeneyo, osati Fomu 4 itafika pakati. Makomiti a makolo ndi aphunzitsi amene amatha kuumba njerwa za chimbudzi atha kukambirananso ndi sukulu yoyandikana nayo kuti ana azikagwirako zipangizo Loweruka.

Kodi mumadziwa kuti ambiri mwa amene timawatcha adokotala a mano m'zipatala za m'maboma ndi madento therapisiti? Amaphunzira dipuloma ya zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences, nthambi ya ku Lilongwe, ndipo kwa zaka zambiri ndi iwo asenza ntchito yozula, kumata ndi kutsuka mano m'dziko muno. Ndi ntchito yaulemu, ndipo kudera ngati lathu lino ndi iwo amene wodwala angawapeze msanga. Koma kumenekonso pakhomo amafunsa masayansi.

Kodi mumadziwa kuti zoyenereza zenizeni zimalengezedwa chaka ndi chaka? Bungwe la NCHE, limene limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira a m'mayunivesite a boma, limatulutsa chikalata chonena maphunziro ndi magiredi ofunika pa pulogalamu iliyonse, zaka za MSCE zimene zikulandiridwa, ndi tsiku lotsekera. Aphunzitsi, chikalata cha chaka chatha chisindikizeni, muchimate pakhoma la Fomu 2, osadikira Fomu 4. Amene wasankhidwa koma kwawo kulibe ndalama atha kufunsira ngongole ku bungwe la ngongole za ophunzira a sukulu za ukachenjede, HESLGB, ndipo nakonso kuli tsiku lotsekera lakelake.

Nanga inu a Fomu 4, kodi mumadziwa kuti phunziro limene silinalembedwe pa dzina lanu polembetsa mayeso a MANEB lidzakuvutani kulilemba, ngakhale mwaliphunzira zaka ziwiri? Mndandanda ukatuluka musangoona ngati dzina lalembedwa bwino. Werengani maphunziro limodzi ndi limodzi, Chingerezi, Masamu, Bayoloje, Kemisitire, Fizikisi, ndipo lina likasowa pitani ku ofesi ya ahedi tsiku lomwelo, nthawi yokonza zolakwika isanathe.